Kafukufuku ndi wa ndani, wophunzira kapena supavaiza?

Ngati kwanu ndi ku Nsipe kapena ku Kandeu kuno ku Ntcheu, mwina munaonapo munda wodulidwa timagawo ting'onoting'ono, wina ali chilili ndi kope m'manja akuyeza zokolola pa sikelo. Kuyambira 2012, pulojekiti ya Africa RISING inkayesa m'madera amenewa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, kuti ione ngati mbewuzi zingabwezeretse chonde m'nthaka. Akatswiri a ku Michigan State University ku America ankagwira ntchito ndi anzawo a ku LUANAR. Pa kafukufuku wa mtundu uwu, wa kope uja nthawi zambiri amakhala wophunzira amene ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo akuchita ya masters kapena PhD.

Wophunzira wotere amakhala ndi supavaiza, mphunzitsi wa ku yunivesite womutsogolera. Awiriwa amadalirana, paja mutu umodzi susenza denga. Supavaiza amadziwa mafunso amene sanayankhidwe ndiponso njira yabwino yoyezera zinthu. Wophunzira ndiye amapsa ndi dzuwa, kutenga dothi, kuwerenga mbewu ndi kufunsa alimi. Koma mphamvu zawo sizifanana ayi. Kawirikawiri supavaiza ndiye amapeza ndalama za kafukufuku, amavomereza kuti ntchito yakwana kupita kwa oyesa mayeso, komanso amalemba kalata yoikira umboni wophunzira akamafuna ntchito. Ndiye tangoganizani: mungamutsutse bwanji munthu amene wagwira tsogolo lanu m'manja?

Nkhani imafika povuta pa mayina. Zotsatira za kafukufuku zimasindikizidwa m'magazini a sayansi, ndipo dzina likakhala papepalapo, ndilo limatsegula makomo a ntchito ndi maphunziro.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachokera m'dothi momwemo. Mu 1943, pa yunivesite ya Rutgers ku America, Albert Schatz, wophunzira wa PhD wa zaka 23, anapeza kuti bakiteriya wina wa m'nthaka amapanga mankhwala a streptomycin. Awa anali mankhwala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu cha TB. Supavaiza wake, Selman Waksman, anali atatha zaka zambiri akuphunzira tizilombo ta m'nthaka, ndipo ndiye anakhazikitsa ntchito yosakasaka mankhwala otere. Choncho onse awiri anali ndi mbali yawo. Koma ulemu unapita kwa Waksman, ndipo ankalandiranso ndalama zochokera ku mankhwalawo Schatz osadziwa. Mu 1950 Schatz anakasuma kukhoti. Mlandu unatha mogwirizana: anamuvomereza kuti nayenso ndi wotulukira mankhwalawo, ndipo anamupatsa gawo la ndalama. Komabe mphoto ya Nobel ya 1952 inapita kwa Waksman yekha, ndipo Schatz anavutika kupeza ntchito yapamwamba ya kafukufuku chifukwa chosumira mphunzitsi wake. Rutgers inadzamupatsa mendulo ya ulemu mu 1994, patapita zaka zoposa 50.

Nanga masiku ano amapewa bwanji zotere? Magazini ambiri a sayansi amafuna kuti olemba afotokoze chimene aliyense anachita, ndipo udindo wokha sukwanira kuti dzina la munthu lilowe. Mayunivesite ambiri amapereka masupavaiza awiri kapena komiti, kuti wophunzira asadalire munthu mmodzi. Ntchito yomaliza imayesedwanso ndi katswiri wochokera ku yunivesite ina. Ofufuza anzeru amakambirana ntchito isanayambe: dzina loyamba lidzakhala la ndani, nanga manambala adzasunga ndani? Kukambirana zimenezi zokolola zili kale m'nkhokwe n'kuchedwa.

Kwathu kuno tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu, ndipo ulemu ndi wabwino ndithu. Koma sikelo sidziwa pulofesa. Ngati manambala a wophunzira akusemphana ndi zimene supavaiza amayembekezera, wophunzira ayenera kunena mwaulemu, kope lili pa tebulo. Supavaiza wabwino amakondwa nazo, chifukwa zatsopano zimatulukira pomwepo.

Inu mungayambe lero. Mukamachita pulakitiko ya agriculture kapena biology m'gulu, lembani deti, zimene mwayeza, ndi amene wachita chilichonse. Nambala ikatuluka yosiyana ndi ya m'buku, musafufute. Yezaninso, kenako kaonetseni aphunzitsi zonse ziwiri.