Zimbale za Nirvana zomwe eni ake sanatulutse

Pomwe Kurt Cobain ankamwalira pa 5 Epulo 1994 ku Seattle, ali ndi zaka 27, gulu lake la Nirvana linali litatulutsa zimbale zitatu zokha zojambulidwa m'situdiyo: Bleach mu 1989, Nevermind mu 1991 ndi In Utero mu 1993. Chimbale chosonkhanitsa nyimbo zawo zotchuka pamodzi panalibe, ndipo anthu anachidikira zaka zoposa 8. Chakumapeto kwa zakazo kunabukanso mlandu pakati pa mkazi wa malemuyo, Courtney Love, ndi oyimba anzake awiri, Krist Novoselic ndi Dave Grohl, wolimbirana ulamuliro pa nyimbo za gululi. Mkanganowo utatha, chimbale chakuda chongolembedwa kuti Nirvana chinatuluka mu Okutobala 2002.

Koma ochita malonda sanadikire kuti milandu ithe. M'zaka zimenezo mafakitale osindikiza ma CD mwakuba ku Bulgaria, Ukraine ndi Russia ankagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo pamisika ngati wa Gorbushka ku Moscow munthu ankapeza chimbale chosonkhanitsa nyimbo zotchuka, chotchedwa Greatest Hits, cha gulu lililonse lomwe angaliganize. Za Nirvana zinalipo zamitundumitundu. Wina ankangotenga nyimbo pa zimbale zenizeni, n'kuzisanja momwe wafunira, n'kumata chithunzi cha Cobain pachikuto, basi malonda ayambika. Oyimba sankalandirapo ngakhale khobidi.

Kwa amene simunazimvepo, nyimbo za grunge, zomwe Nirvana inkayimba, ndi mtundu wa rock womwe unakulira ku Seattle ndi madera ozungulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: gitala yolira mokalipa, ng'oma zomenyedwa mosanyengerera, mawu osasa. Soundgarden, Pearl Jam, Alice in Chains ndi Mudhoney ndi a m'banja lomwelo. Nirvana ndiyo inatchukitsa zonsezi pomwe Nevermind inachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala wani ku America mu Januwale 1992.

Ine ndili m'gulu la anthu omwe timasaka zimbale zosavomerezekazi, ndipo ambiri a ife sitifuna kwenikweni CD yogwirika m'manja. Timafuna fayilo yokopedwa kuchokera pa CD-yo popanda kutayapo kanthu. Apa ndiye pamafunika kufotokoza bwino.

Pa CD, mawu amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo mphindi imodzi ya nyimbo imadya malo opitirira pang'ono 10 MB. Nyimbo ya Nirvana ya Smells Like Teen Spirit, yomwe ndi ya mphindi 5, imapitirira 50 MB. MP3 yomwe timathiritsa mu memori khadi kapena kutumizirana pa WhatsApp imatha kuichepetsa kufika pa 5 MB, ndipo imatero potaya zigawo za mawu zomwe akatswiri anaona kuti khutu silizimva kwenikweni. Zikatayika sizibwereranso. FLAC, yomwe Josh Coalson anaitulutsa mu 2001, imachepetsa fayilo popanda kutaya chilichonse. Ili ngati kupinda bulangeti kuti likwane m'chikwama, pomwe MP3 ndi kulidula m'mphepete. Nyimbo zaphokoso ngati za Nirvana sizipindika kwambiri: nyimbo ija imatsalabe cha m'ma 35 MB, choncho chimbale chimodzi chimatha kumaliza bando ya intaneti ya munthu tsiku lomwelo.

Kukopera kwake kuli ndi mwambo. Pa Windows anthu amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Exact Audio Copy, yomwe Andre Wiethoff wa ku Germany anayamba mu 1998. Pa Mac pali XLD. Mapulogalamuwa amawerenga malo okayikitsa pa CD mobwerezabwereza mpaka atatsimikiza, kenako amalemba lipoti lotchedwa log, losonyeza makina omwe agwiritsidwa ntchito ndi pomwe panali vuto. Pamakhalanso kafayilo ka cue kosunga mipata ya pakati pa nyimbo. Palinso AccurateRip, nkhokwe yomwe imayerekeza zomwe mwakopera inu ndi zomwe ena anakopera pa chimbale chomwecho. Vuto n'lakuti zimbale zakubazi anthu omwe anazikopera ndi ochepa, moti nthawi zambiri nkhokweyo siizidziwa n'komwe. Mwambo wonsewu unakhwimira m'magulu a pa intaneti ngati OiNK, yomwe apolisi anatseka mu 2007, ndi What.CD, yomwe inatsekedwa mu Novembala 2016 akuluakulu a ku France atalanda makompyuta ake. Kumeneko fayilo yopanda log inkaonedwa ngati yotsika.

Tsopano nayi nkhani yomwe osonkhanitsa anzanga sakonda kuimva. Log imangochitira umboni kuti fayilo ikufanana ndi CD. Sinena kanthu za komwe wosindikiza CD-yo anatenga nyimbo zake. Ngati mkulu wa ku fakitale anatsitsa ma MP3 pa intaneti n'kuwasindikiza pa chimbale chonyezimira bwino, FLAC yanu isunga mokhulupirika MP3 yomweyo, itangonenepa kasanu kapena kupitirira. Pa zimbale zakuba za m'zaka za m'ma 2000 zimenezi sizachilendo.

Kuti mugwire chinyengochi mumatsegula nyimbo mu kapulogalamu ngati Spek, komwe kamajambula mawu pa sikirini. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi. Kuchokera pansi kukwera m'mwamba ndi kukwera kwa mawu. Pansi pamakhala pofiira ndi pachikasu chifukwa cha besi ya Novoselic ndi gitala. Grohl akamenya zitsulo za ng'oma zake, timizere timathamangira m'mwamba mpaka kufupi ndi 22 kHz, n'kumazilala pang'onopang'ono. Ndi momwe nyimbo yochokera pa CD yeniyeni imaonekera. Yomwe inadutsa mu MP3 ya 128 kbps imadulidwa mowongoka pa 16 kHz, pamwamba pake pali bii, mdima wokhawokha. Ya 320 kbps imadulidwa cha pa 20 kHz. Pa chimbale chimodzi chomwecho mutha kupeza nyimbo za pa Nevermind zili bwinobwino, koma za pa Bleach zili zodulidwa, umboni woti wosindikizayo anali ndi CD imodzi, inayo anangotola penapake.

Ndipo ngakhale nyimbo zonse zitakhala zosadulidwa, mwapindulanji? Come As You Are, Lithium, Heart-Shaped Box ndi About a Girl zonse zili pa zimbale zovomerezeka, zomwe mungagule n'kukopera nokha. Wakuba sangakhale ndi mawu oposa a mwini tepi. Chomwe angachite n'kuwononga: kukweza nyimbo zina kuti zifanane mphamvu ndi zinzake, kapena kudula mathero kuti zonse zikwane pa CD imodzi. Ndiye kunena zoona, wosaka Greatest Hits yakuba sakusaka mawu abwino. Akusaka mbiri ya chinthucho: kasanjidwe ka nyimbo komwe munthu wosadziwika anasankha, chikuto chokhala ndi mayina olembedwa molakwika, ndi manambala ang'onoang'ono ozokotedwa pa mkombero wamkati kunsi kwa CD. Kuyambira 1994 mafakitale ovomerezeka anayamba kudindapo nambala ya IFPI yosonyeza komwe chimbale chapangidwa. Pa zakuba zambiri palibe, kapena anaifufuta. N'chifukwa chake wosonkhanitsa weniweni amafuna zithunzi za chikuto ndi za mkomberowo pamodzi ndi nyimbo. Ine zimenezi zimandisangalatsa, koma sindinganamize munthu kuti khutu lake lipindulapo.

Pomwe khama lonseli limakhala ndi phindu lenileni ndi pa mtundu wina wa zimbale zosavomerezeka, zomwe zinali ndi nyimbo zosapezeka kwina kulikonse. Zotchuka kwambiri ndi za Outcesticide, zomwe zinayamba kutuluka mu 1994 pansi pa dzina la Blue Moon Records. Munali nyimbo zoyeserera, zojambulidwa pa wailesi ndi za m'makonsati. Chitsanzo china ndi Roma, chomwe kampani ya ku Italy ya Kiss the Stone inatulutsa kuchokera ku konsati ya pa 22 Febuluwale 1994, patangotsala milungu yochepa kuti Cobain amwalire. Nyimbo ya You Know You're Right, yomwe gululi linajambula pa 30 Januwale 1994 ku Robert Lang Studios, inakhala yobisika mpaka 2002. Zaka zonsezo anthu ankaidziwira pa tepi ya konsati ya ku Aragon Ballroom ku Chicago ya pa 23 Okutobala 1993, ndipo osindikiza mwakuba, posadziwa dzina lake, ankailemba kuti Autopilot kapena On a Mountain.

Zinthu zotere zikatayika n'zovuta kuzipezanso, ndipo MP3 iliyonse yopangidwanso mwatsopano kuchokera ku MP3 inzake imaipiraipira. Komanso apa Spek imatha kukusocheretsani. Wailesi ya FM imadula mawu cha pa 15 kHz mwachibadwa, choncho nyimbo yomwe wina anajambula pa kaseti kuchokera pa pulogalamu ya John Peel pa BBC ioneka yodulidwa ngakhale sinadutse mu MP3. Kaseti yothamanga pang'ono imakwezanso mawu a Cobain, ndipo FLAC isunga cholakwikacho momwe chilili. Osonkhanitsa akhama amalemba mzere wonse wa komwe nyimbo yadutsa: wailesi, kaseti, CD, kompyuta.

Banja la Cobain ndi anzake aja anatulutsa zambiri mwa nyimbo zobisikazi mu 2004 m'bokosi la With the Lights Out, la ma CD atatu ndi DVD imodzi, koma sizinathere m'menemo, ndipo zina zikumvekabe pa zimbale zakuba zokha. Pearl Jam inasankha njira ina: mu 2000 inajambula makonsati ake n'kutulutsa yokha zimbale 72, kuti okonda gululo asamagule za akuba pamtengo wokwera. Webusaiti ya Discogs, komwe ambiri timakafufuza kuti chimbale chinatuluka liti ndipo chili ndi nyimbo ziti, imalemba zimbale zosavomerezeka m'kaundula wake pamodzi ndi zithunzi zake, koma siilola kuti zigulitsidwe pamenepo.