Jakisoni womanga mafupa: amagwira ntchito motani, nanga ndi wa yani?

RUSTENBURG – Fupa limaoneka ngati chinthu chouma, koma limagumulidwa ndi kumangidwanso pa moyo wonse wa munthu. Kugumula kukaposa kumanga, mafupa amachita zibowo m'kati ndipo amathyoka ngakhale munthu atangoterereka pabwalo. Matenda amenewa achipatala amawatcha osteoporosis, ndipo ambiri amawazindikira msana kapena fupa la m'chiuno litathyoka kale.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja a m'dera la migodi ya pulatinamu ku Rustenburg ndi Marikana m'dziko la South Africa, kumene kuli anthu ochokera ku Malawi, Mozambique, Lesotho ndi maiko ena. Amayi amene anasiya msambo ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, koma fodya, mowa ndi kumwa mankhwala a prednisone kwa nthawi yaitali zimafooketsanso mafupa a abambo. Mankhwala a tenofovir, amene ali mu ma ARV a TLD omwe dzikolo linayamba kupereka m'chaka cha 2019, amachepetsanso pang'ono kulimba kwa mafupa, ngakhale kuti chimenechi si chifukwa chosiyira kumwa ma ARV.

Kumbuyo kwa chithokomiro, pakhosi, kuli tiziwalo tinayi tangati njere za mpunga totchedwa parathyroid. Timatulutsa homoni yoyang'anira kuchuluka kwa kashiamu m'magazi. Kashiamu akachepa, homoniyi imam'tapa m'mafupa, momwe muli 99 peresenti ya kashiamu yense wa m'thupi, ndipo imaletsa impso kumutaya m'mkodzo.

Chodabwitsa n'chakuti homoniyi ikachuluka m'magazi usana ndi usiku imadya mafupa, koma ikaperekedwa pang'ono kamodzi patsiku imadzutsa maselo omanga fupa. Apa ndi pamene panachokera mankhwala a teriparatide, omwe dziko la America linawavomereza m'chaka cha 2002. Kafukufuku wa amayi 1,637 amene anafalitsidwa m'chaka cha 2001 anaonetsa kuti mankhwalawa anachepetsa kuthyoka kwa mafupa a msana ndi 65 peresenti. Mankhwala ofala monga alendronate amangochedwetsa kugumuka kwa fupa, pamene awa amamanga latsopano.

Wodwala amadzibaya yekha pantchafu kapena pamimba tsiku ndi tsiku, kawirikawiri kwa miyezi yosapitirira 24. Akamaliza amayenera kuyamba mankhwala onga alendronate, apo ayi fupa lomwe lamangidwa limayambanso kutha. Saperekedwa kwa ana, amayi oyembekezera, odwala khansa ya m'mafupa kapena amene kashiamu wawo ndi wokwera kale.

Homoni yomweyi imathandizanso anthu amene tiziwalo tija tinawonongeka, makamaka pa opaleshoni ya chithokomiro. Iwowa amamva dzanzi m'milomo ndi m'zala, minofu imakokana, ena mpaka kukomoka. Ambiri amathandizidwa ndi mapiritsi a kashiamu ndi vitamini D. Kampani ya Takeda inaleka kupanga mankhwala a Natpara kumapeto kwa 2024, koma ena atsopano, a palopegteriparatide, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2023 ndi ku America mu 2024.

Komabe teriparatide ndi wokwera mtengo, ndipo madokotala amasungira odwala amene mafupa awo afooka kwambiri kapena athyoka kangapo. Amafunikanso kukhala m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, chinthu chovuta kwa wokhala m'zisakasa za malata monga za ku Nkaneng, kumene magetsi ndi osadalirika. Wobwerera kumudzi ku Mangochi, Chipata kapena Tete mankhwala asanathe angavutike kuwapeza.

Choncho kwa ambiri poyambira si jakisoni ayi, koma kuyezetsa. Munthu wopitirira zaka 50 amene wathyoka fupa atangogwa pang'ono, kapena amene wayamba kufupika ndi kupindika msana, apite kukiliniki, kumene angam'tumize kuchipatala chachikulu monga cha Job Shimankana Tabane mu Rustenburg. Madokotala amayeza kashiamu ndi impso kudzera m'magazi, ndipo kulimba kwa mafupa amakuona ndi makina a DXA.

Kashiamu amapezekanso m'zakudya zodziwika: mkaka, chambiko, bonongwe, ndi nsomba zodyedwa ndi minga yomwe monga usipa, matemba, kapenta ndi zam'chitini. Vitamini D thupi limapanga khungu likaombedwa ndi dzuwa, ndipo ogwira ntchito pansi pa nthaka ayenera kukumbukira zimenezi pa masiku opuma.