Zimene osewera a ku Livingstone ayenera kukonza asanalowe mpikisano wa pa intaneti

LIVINGSTONE: Masewera a pa lamya ndi pa kompyuta amene anthu amasewera m'magulu kudzera pa intaneti afika m'makomboni a mzinda uno monga Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda. Wosewera akazolowera, imafika nthawi imene amafuna kuleka kusewera kongotayitsa nthawi ndi kulowa m'cigawo ca mpikisano cochedwa ranked, kumene kupambana ndi kugonja kulikonse kumalembedwa pa dzina lake.

Amene akukonzekera kulowa m'cigawoci ayenera kudziwa kuti luso la zala ndi mbali imodzi cabe ya nkhaniyi. Malaiti, netiweki ndi khalidwe la munthu zimawerengedwanso, ndipo mmodzi akalephera, gulu lonse limalipira.

Mmene mlingo umapimidwira

Njira yopimira luso la osewera ndi manambala inayambira m'masewera a chess. Inakonzedwa ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wa ku America amene anabadwira ku Hungary. Bungwe la chess la ku America linayamba kuigwiritsa nchito mu 1960, ndipo bungwe la dziko lonse la FIDE linaibvomereza mu 1970. Ndi muyeso womwewu umene Amon Simutowe wa kuno ku Zambia anapimidwa nawo kufikira atalandira ulemu wa grandmaster mu 2009, ulemu umene umafuna kuti munthu afike pa mapointi 2,500.

Mfundo yake ndi yosabvuta. Wosewera aliyense ali ndi nambala. Awiri akakumana, wopambana amawonjezeredwa mapointi ndipo wogonja amacotseredwa. Kugonjetsa munthu wa nambala yapamwamba kumabweretsa mapointi ambiri, pamene kugonja kwa munthu wa nambala yotsika kumacotsetsa ambiri. Amene aposa mnzake ndi mapointi 200 amayembekezeka kutenga pafupifupi zigawo zitatu mwa zinayi za mapointi onse awiriwo akamakumana kawirikawiri.

Masewera a magulu anatengera nzeru imeneyi, ngakhale kuti kampani iliyonse inaisintha mwa njira yake. Mu 1995, katswiri wa masamu Mark Glickman anatulutsa njira yochedwa Glicko, imene imapimanso kuti nambala ya munthu ndi yodalirika motani. Masewera a Dota 2 anayamba kutsata njira imeneyi mu 2023. Tanthauzo lake kwa woyamba kumene ndi lakuti pa masewera oyambirira, pamene makina sanamudziwe bwino, nambala yake imakwera kapena kutsika kwambiri. Pambuyo pake imayenda pang'onopang'ono. Munthu amene ataya masewera oyambirirawa cifukwa ca kuzima kwa malaiti angathe kutha masabata ambiri akuyesa kucoka pa mlingo umene si wake.

Pamwamba pa nambalayi pamaikidwa maina a milingo. Mu Dota 2 ilipo isanu ndi itatu, kuyambira Herald mpaka Immortal. Mu Mobile Legends: Bang Bang, amene amaseweredwa pa lamya, munthu amayambira pa Warrior ndi kukwera cakumtunda kulinga ku Mythic. Mu PUBG Mobile, mmene gulu limakhala ndi anthu ofika anayi, njira imacokera pa Bronze kukafika pa Conqueror.

Zimene makampani amafuna

Makampani salola munthu kulowa mpikisano tsiku limene watsegula akaunti. Kampani ya Valve imafuna kuti wosewera Dota 2 akhale atasewera maola 100, ndipo kuyambira mu 2017 imafunanso nambala ya lamya yolumikizidwa ku akauntiyo. Mu League of Legends, a kampani ya Riot Games, akaunti iyenera kufika pa sitepe 30 ndi kukhala ndi ngwazi zosacepera 20 zosankhapo. Mu Valorant, a kampani yomweyo, sitepe yofunika ndi 20, ndipo mlingo woyamba umaperekedwa munthu akatha masewera asanu. Mu Counter-Strike 2, nambala ya m'cigawo ca Premier imaoneka munthu akapambana ka 10. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, motero ndi bwino kuwerenga zimene zalembedwa m'masewera momwemo.

Colinga ca zipata zimenezi ndi kupatsa woyamba mpata wophunzira, ndiponso kuchinga akatswiri amene amatsegula maakaunti atsopano kuti azigonjetsa ophunzira. Mu September 2023, Valve inalengeza kuti yatseka maakaunti otere okwana 90,000. Pa cifukwa cimeneci, kugula akaunti ya mlingo wapamwamba kapena kulipira wina kuti akweze mlingo ndi kutaya ndalama. Malamulo a makampani amaletsa zimenezi, wogulitsa angathe kubweza akaunti yake atalandira ndalama pa lamya, ndipo wogulayo amakakumana ndi anthu omuposa kutali, n'kugwetsa anzake anayi pa masewera alionse.

Mtunda wa pakati pa Livingstone ndi seva

Masewerawa sacitikira m'lamya ya wosewera. Amacitikira pa kompyuta yaikulu yochedwa seva, imene ili ku dziko lina. Munthu akadina batani, uthenga umapita ku seva ndi kubwerera. Nthawi ya ulendowu imachedwa ping, ndipo imapimidwa m'mamilisekondi. Sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000.

M'nthambo za fibre, uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Kucokera ku Livingstone kufika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 950 moongoka, kotero kupita ndi kubwera sikungacepere mamilisekondi 9 kapena 10. Kufika ku Frankfurt m'dziko la Germany pali makilomita oposa 7,500, ndipo ngakhale nthambo ikanakhala yoongoka ngati cingwe ca mmisiri womanga, ulendowo ukanatenga mamilisekondi oposa 75. Koma nthambo sizoongoka. Zambia alibe gombe la nyanja yamcere, ndiye uthenga umadutsa m'maiko oyandikana nawo usanafike ku nthambo za pansi pa nyanja monga WACS, imene imatulukira ku Swakopmund m'dziko la Namibia, kapena EASSy ndi SEACOM, zimene zimadutsa kugombe la kum'mawa kwa Africa. Motero ping yeniyeni imaposa manambala amenewa.

N'cifukwa cake funso loyamba posankha masewera opikisana nawo liyenera kukhala lakuti seva yake ili kuti. Dota 2 ndi Counter-Strike 2 ali ndi maseva ku South Africa, pamene osewera League of Legends a kuno amalumikizidwa ku maseva akutali monga a ku Ulaya. M'masewera owomberana, amene ali ndi ping ya 200 amaona zinthu zitacitika kale, ndipo mdani wa ping ya 30 amayamba ndiye kuwombera.

Cofunika kwambiri ndi kukhazikika kwa netiweki. Ping imene ikhala pa 90 osasuntha ndi yabwino kuposa imene ilumpha kucoka pa 50 kufika pa 300. Wosewera wanzeru amayesa netiweki yake kwa masiku angapo, pa maola omwewo amene afuna kumapikisana, cifukwa madzulo anthu ambiri amakhala pa intaneti. Mphamvu ya MTN, Airtel ndi Zamtel imasiyana malinga ndi malo, ndipo njira yodziwira ndi kuyesa m'nyumba momwemo. Pa kompyuta, nthambo yocokera ku rauta imakhazikika kuposa Wi-Fi. Intaneti ya Starlink, imene inafika m'dziko muno mu October 2023, yawonjezera njira ina kwa amene angakwanitse, ngakhale kuti mvula yamphamvu imaisokoneza.

Pali masiku ena amene bvuto limakhala kutali. Mu March 2024 nthambo zingapo za pansi pa nyanja zinaduka kumadzulo kwa Africa, ndipo mu May caka comweco EASSy ndi SEACOM nazo zinaduka. Pa masiku otere, mpikisano uyenera kudikira. Kusewera kwenikweni sikudya data yambiri, koma kukopera masewera a pa kompyuta kumafuna magigabaiti makumi angapo, ndipo zosintha zatsopano ziyenera kukoperedwa nthawi ya mpikisano isanakwane.

Malaiti

Pa mathithi a Mosi-oa-Tunya pali malo opangira magetsi a ZESCO okhoza kutulutsa mamegawati 108, koma magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse, ndipo kukhala pafupi nawo sikuteteza mzinda ku kuzima kwa malaiti. Magetsi ambiri a Zambia amacokera ku madzi. Mu February 2024, mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo cakumapeto kwa cakaco madera ena ankaona malaiti kwa maola atatu okha pa tsiku.

Makina a masewera sadziwa kusiyanitsa munthu amene wathawa dala ndi amene malaiti amuzimira. Mu Dota 2, wosewera akasowa kwa mphindi zisanu amalembedwa kuti wathawa. Amataya mapointi, ndipo akabwereza amaponyedwa pamzere wa olangidwa. Mu Counter-Strike 2, cilango coyamba ndi kuletsedwa kwa mphindi 30, kenako maola 2, maola 24, mpaka masiku 7.

Masewera amodzi a Dota 2 nthawi zambiri amatenga mphindi 30 mpaka 45, ndipo ena amapitirira ola. Conco asanayambe, munthu ayenera kuona ndandanda ya ZESCO ngati ilipo, ndi kudzifunsa ngati ali ndi ola lathunthu lopanda comusokoneza. Rauta imadya magetsi ocepa, ndipo batire laling'ono lingaisunge kwa maola angapo. Laputopu yochajidwa bwino imapitiriza nchito malaiti akazima, pamene kompyuta ya patebulo imazima nthawi yomweyo ngati palibe UPS kapena inverter. Lamya yacikhalire yokhala ndi data ingapulumutse gulu netiweki yoyamba ikagwa. M'mwezi wa October, pamene kutentha mu Livingstone kumafika pa madigiri 35 kapena kuposa, lamya imene ikuchajidwa uku ikusewera imatentha ndi kuyamba kucedwa.

Luso ndi gulu

Pa luso lenilenilo, njira yodalirika ndi kuyamba ndi zocepa. Dota 2 ali ndi ngwazi zoposa 120, ndipo palibe woyamba amene angazidziwe zonse. Ngwazi ziwiri kapena zitatu zodziwika bwino zimakwanira, pamodzi ndi maudindo awiri, kuti wina akatenga udindo woyamba pakhale pothawira. Monga mu mpira wa miyendo, si onse amene amamwetsa zigoli. Amene amateteza ndi kuthandiza anzake amalandira mapointi a cipambano pamodzi ndi gulu lonse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kulankhulana kuyenera kukhala kwacidule: mdani ali kuti, gulu lilowe kapena libwerere. Anthu a ku Livingstone amalankhula Citonga, Silozi ndi Cinyanja, koma pa seva ya ku South Africa amakumana ndi a maiko ena, ndipo mawu ocepa a Cingerezi pamodzi ndi zizindikiro za pa mapu ndiwo amagwira nchito. Mwayi ulipo pa nthawi, popeza koloko ya Zambia ndi ya South Africa zimayendera limodzi. Kusewera ndi mnzako mmodzi kapena awiri odziwana kumacepetsa mikangano, malinga ngati luso lawo silitalikirana kwambiri.

Kutukwana nako kuli ndi mtengo wake. Dota 2 amasunga nambala ya khalidwe imene imafika pa 12,000, ndipo amene anzake amawadandaulira kawirikawiri amatsitsidwa, amatsekedwa pakamwa ndi kuikidwa pamodzi ndi anzawo amwano. Wotukwana angatsekedwe mawu ndi batani limodzi, popanda kumuyankha. Munthu akagonja kawiri kapena katatu motsatizana, ndi bwino kupumula, cifukwa mkwiyo umaononga maganizo pa masewera otsatira.

Malire oyenera kuikidwa

Nkhani za mphoto zikuluzikulu zimakopa acinyamata. Mpikisano wa The International wa mu 2021, umene unacitikira ku Bucharest ndi kupambanidwa ndi Team Spirit, unali ndi mphoto zoposa madola 40 miliyoni. Koma mu 2023 mphotozo zinatsika kufika pa madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo amene amafika kumeneko ndi ocepa kwambiri. Kuno kwathu kuli magulu monga Team Gematrix ya ku Lusaka amene aonetsa kuti Mzambia angathe kupikisana, komabe mlingo wa m'masewera a tsiku ndi tsiku subweretsa malipiro.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linaika bvuto la kusewera kopitirira muyeso pa mndandanda wa matenda mu 2019, ndipo mndandandawo unayamba kugwira nchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika masewera patsogolo pa zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale sukulu, nchito kapena banja zikuonongeka, kwa miyezi yosacepera 12. Bungweli linanenanso kuti bvutoli limagwira gawo laling'ono cabe la osewera.

Makolo ayenera kudziwa kuti masewera a mpikisano sangaimitsidwe pakati monga kanema. Mwana akaitanidwa ali mkati, akacoka amalangidwa ndipo anzake amagonja. Njira yopewera mkangano ndi kupangana nthawi asanayambe, nchito zapakhomo ndi za kusukulu zitatha, makamaka m'miyezi ya mayeso a Examinations Council of Zambia kumapeto kwa caka. Ayeneranso kukumbutsa ana kuti asapereke mawu acinsinsi a akaunti, nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya, kapena malo amene amakhala kwa anthu odziwana nawo pa intaneti pokha.

Wosewera amene wayesa netiweki yake, wadziwa maola a malaiti, waphunzira udindo wake ndi kupangana ndi a pakhomo angalowe mpikisano mtima uli m'malo. Mlingo woyamba ukakhala wotsika sicodandaulitsa, cifukwa makina amamuika pakati pa ofanana naye, ndipo kucokera pamenepo amakwera malinga ndi zimene waphunzira.