Wansembe yemwe adakana kuti masamu ake akhale umboni wa Mulungu

Pa 22 November 1951, Papa Pius XII adayankhula kwa akatswiri a m'bungwe la Pontifical Academy of Sciences ku Vatican ali wokondwa kwambiri. Adawauza kuti kafukufuku wa zakuthambo wafika pochitira umboni zimene Mpingo wakhala ukuphunzitsa kuyambira kale, zoti chilengedwe chidali ndi chiyambi, ndipo ngati chidayamba ndiye kuti alipo amene adachilenga. M'bungwelo mudali membala mmodzi amene aliyense akadayembekeza kuti asangalala kuposa onse, popeza maganizo amene Papa ankatamandawo adachokera m'mutu mwake, komanso iyeyo adali wansembe. Koma Bambo Georges Lemaître a ku Belgium mawuwo adawadetsa nkhawa.

Bambo Lemaître adabadwira ku Charleroi mu 1894. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, adasiya maphunziro a uinjiniya n'kulowa usilikali. Atabwerako adaphunzira masamu, kenako adalowa seminale, ndipo adadzozedwa unsembe mu 1923. Chaka chomwecho adapita ku Cambridge kukaphunzira kwa Arthur Eddington, mmodzi mwa anthu ochepa pa nthawiyo amene ankamvetsa bwino masamu a Albert Einstein. Kuchoka uko adapita ku Harvard ndi ku MIT, ku America, asadabwerere kwawo kukaphunzitsa pa yunivesite ya Katolika ya Louvain.

Mu 1927 adalemba pepala m'Chifalansa, m'magazini ya sayansi ya ku Brussels imene anthu akunja sankaiwerenga kwenikweni. Adatenga masamu a Einstein n'kuwaphatikiza ndi zimene anthu oyeza nyenyezi adapeza pa milalang'amba 42, ndipo adaona kuti thambo likufutukuka. Mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri ndi ife, liwiro limene ukutalikira nalo limakhalanso lalikulu. Zili ngati madontho a inki pa chibaluni chimene mwana akupopa: madonthowo sakuyenda, koma mpata wa pakati pawo ukukulirakulira. Alexander Friedmann wa ku Russia adali ataona kale mu 1922 kuti masamuwo akulola zimenezi, koma amene adawalumikiza ndi zooneka kuthambo adali wansembeyu, kutatsala zaka ziwiri kuti Edwin Hubble afalitse zotsatira zake pa nkhani yomweyi mu 1929.

Einstein adakumana ndi Bambo Lemaître ku Brussels mu 1927 momwemo, ndipo adavomera kuti masamuwo adali olondola, koma adanyansidwa ndi ganizo loti thambo likukula. Mu 1931 Bambo Lemaître adapitiriza: ngati thambo likufutukuka, kalekale zonse zidali zothithikana pamodzi, m'kanthu kamodzi kamene adakatcha atomu yoyambirira. Apa ndi pamene ambiri adayamba kukayika. Munthu wovala kolala akamanena kuti zonse zidali ndi chiyambi, kodi si buku la Genesis limenelo lavala malaya a sayansi? Fred Hoyle wa ku Britain, yemwe sankakhulupirira Mulungu, adagwirizana ndi Hermann Bondi ndi Thomas Gold mu 1948 pophunzitsa kuti chilengedwe chilibe chiyambi kapena mathero. Dzina loti Big Bang adalitchula ndi Hoyle yemweyo pa wailesi ya BBC mu 1949, pofotokoza maganizo amene ankawatsutsa.

Choncho mmene Papa ankayankhula mu 1951, mkanganowo udali usadathe. Bambo Lemaître ankadziwa bwino kuti ganizo lawo likhoza kugwa tsiku lililonse, munthu wina akangopeza umboni watsopano. Chikhulupiriro chikatsamira pa ganizo la sayansi, ganizolo likagwa nachonso chimagwa. Mothandizana ndi Bambo Daniel O'Connell, wansembe wa Chijezuiti wodziwa zakuthambo amene ankalangiza Papa pa zasayansi, adapempha kuti nkhaniyi isabwerezedwe. Mu September 1952, Papa polandira akatswiri a zakuthambo amene adasonkhana ku Rome, sadanenenso kuti ganizolo ndi umboni wa chilengedwe cha Mulungu.

Apa ndi pamene ine ndimawalemekezera kwambiri bambowa. Mpingo wawo udapatsidwa chipambano chaulere, chotamanda iwo omwe, ndipo adachikana chifukwa sichidali choona. Kwa iwo, kuyamba kwa kufutukuka kwa thambo ndi kulengedwa kwa zinthu zidali nkhani ziwiri zosiyana. Masamu angakubwezere m'mbuyo mpaka pamene malamulo odziwika a sayansi amalekezera, koma sangakuuze chifukwa chake pali zinthu m'malo mopanda kanthu. Pa msonkhano wa asayansi wa Solvay mu 1958 adanena poyera kuti ganizo lawo silikukhudza funso la chipembedzo, ndipo munthu wosakhulupirira Mulungu akhoza kulilandira osasintha maganizo ake. Sikuti ankanyengerera anzawo asayansi. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kale kuti nzeru za munthu pazokha sizingatsimikize zoti dziko lidayamba pa nthawi inayake. Mkhristu amalandira zimenezo mwa chikhulupiriro. Pa mfundo imeneyi wansembe wa masamu ndiye adatsata chiphunzitso chakale mosamala kuposa Papa.

Pali makolo amene amaopa kuti mwana akazama m'maphunziro a sayansi adzasiya kupemphera, ndipo pali ophunzira amene amaganiza kuti kusiya kupemphera ndiye chizindikiro cha kuphunzira. Moyo wa Bambo Lemaître ukutsutsa onsewo. Ankachita Misa, n'kukalowa m'kalasi, ndipo atakalamba adali m'gulu la oyamba kugwiritsa ntchito kompyuta pa yunivesite yawo. Sadabise unsembe wawo kwa asayansi, sadapotozenso masamu kuti akondweretse maepiskopi.

Koma tisanamizane, nkhani yawo sikutsimikiza kuti Mulungu aliko, ndipo eni akewo sakadalola kuti tiigwiritse ntchito motero. Sikutanthauzanso kuti chilichonse chonenedwa m'dzina la chikhulupiriro n'chogwirizana ndi nzeru. Mu 1633 Mpingo womwewo udaweruza Galileo chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo padatenga mpaka 1992 kuti Papa John Paul II avomereze poyera kuti oweruzawo adalakwa. Mlaliki akamauza wodwala kuti ataye ma ARV chifukwa wapemphereredwa, akunena chinthu chimene chingayezedwe m'magazi kuchipatala, ndipo zoyezazo zikamutsutsa, ndiye kuti walakwa basi. Kusagwirizana kumabuka nthawi zonse pamene wopembedza akuyankha funso loyezeka popanda kuyeza, kapena pamene wasayansi akulengeza kuti zimene makina ake sangayeze kulibe. Onse awiriwo amakhala atalumpha malire a zimene akudziwa.

Umboni umene Bambo Lemaître ankauyembekezera udabwera mochedwa. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson, akugwira ntchito ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey, ankavutika ndi kaphokoso kosatha m'makina awo olandirira mafunde a wailesi. Adafika pochotsa zitosi za nkhunda m'makinamo, koma kaphokosoko sikadathe, ndipo kankachokera mbali zonse za thambo mofanana. Kadali kutentha kotsalira kwa chilengedwe chili chakhanda. Zotsatirazo zidafalitsidwa mu 1965, ndipo ganizo la Hoyle lidatha mphamvu. Bambo Lemaître, amene kuyambira 1960 adali mkulu wa Pontifical Academy of Sciences, adamva nkhaniyi akudwala, ndipo adamwalira pa 20 June 1966.

Lero akatswiri amati chilengedwe chakhala chikufutukuka kwa zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Mu 2018 bungwe la International Astronomical Union lidachititsa voti, ndipo 78 mwa mamembala 100 alionse amene adavota adavomereza kuti lamulo lija la kutalikira kwa milalang'amba, lomwe kwa zaka zambiri linkatchedwa la Hubble, lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître.