Mwaphonya nyengo yolembetsa inshuwalansi ya zaumoyo ku America? Yambani mwawerenga masiku 60

Kuno kwathu munthu akadwala amangotenga kabuku kake ka kuchipatala n'kulunjika ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Akhoza kuswera pamzere tsiku lonse, mankhwala akhoza kusowa mpaka kukagula yekha ku famase, koma palibe amene amam'tumizira bilu kunyumba pakatha mwezi. Ndiye wachinyamata amene wakulira m'zimenezi akatsika ndege ku America, kaya wapata green card, kaya wapita kusukulu, kaya watsatira wachikondi wake, nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo amaiika kumapeto kwenikweni. Choyamba ndi pogona, ntchito, laisensi ya galimoto, ndi kangachepe kotumizira amayi kumudzi. Tsiku limene wakumbukira zolembetsa, webusaiti ya HealthCare.gov imangomuuza kuti nyengo yake inatha kale.

Ambiri akamva zimenezi amangoti basi, tionana chaka chamawa, Mulungu atisunga. Komatu nthawi zambiri njira imakhala ilipo, kungoti nayonso ili ndi masiku ake owerengeka, ndipo masikuwo amayamba kutha munthu asakudziwa n'komwe.

N'chifukwa chiyani amatseka?

Lamulo la Affordable Care Act, limene anthu amangoliti Obamacare, linasainidwa ndi Barack Obama mu 2010. China chachikulu chimene linabweretsa n'chakuti makampani a inshuwalansi asamakane munthu kapena kum'kwezera mtengo chifukwa choti ali kale ndi matenda monga shuga, BP kapena HIV. Zabwino zedi. Koma taganizani: ngati kampani singakukaneni, ndipo mukhoza kulembetsa tsiku lililonse, ndani angamalipire mwezi ndi mwezi ali bwinobwino? Aliyense akanadikira mpaka atathyoka mwendo. Ndiye anakhazikitsa nyengo imodzi pachaka, Open Enrollment, yoti odwala ndi athanzi omwe alowere pamodzi.

M'zaka zapitazi nyengoyi pa HealthCare.gov yakhala ikuyamba pa 1 Novembala n'kutha pa 15 Januwale, ndipo wofuna kuti inshuwalansi yake iyambe kugwira ntchito pa 1 Januwale amayenera kulembetsa pofika pa 15 Disembala. Zigawo zina, monga California, New York ndi Maryland, zili ndi mawebusaiti awoawo, ndipo zina mwa izo zimaika masiku osiyana. Mu 2025 boma linakhazikitsa lamulo lofupikitsa nyengoyi kuyambira kumapeto kwa 2026, kuti pa HealthCare.gov izitha pa 15 Disembala. Choncho musadalire deti imene anakuuzani asisi amene anafika kale zaka zisanu zapitazo.

Kufika kumene n'chifukwa chokwanira

Kunja kwa nyengo imeneyi kuli chimene amachitcha Special Enrollment Period. Mwachidule, moyo wanu ukasintha mwa njira zina zimene lamulo linatchula, amakupatsani masiku 60 oti mulembetse, ngakhale pakati pa chaka.

Mfundo imene Amalawi ambiri ofika kumene ikanawathandiza ndi iyi: kusamukira ku America kuchokera kudziko lina ndi chimodzi mwa zifukwa zovomerezeka. Munthu wosamuka kuchoka ku Texas kupita ku Indiana amafunsidwa umboni woti anali ndi inshuwalansi kwa tsiku ngakhale limodzi m'masiku 60 asanasamuke. Wochokera ku Lilongwe safunsidwa zimenezo, chifukwa ankakhala kunja kwa dzikolo. Mukafika mu Epulo, simukuyenera kudikira Novembala ayi. Koma masiku 60 aja amayambira pa tsiku losamuka, osati tsiku limene mwamva za lamuloli. Miyezi iwiri yoyamba m'dziko lachilendo ndi ija munthu amakhala akugona pa sofa la mnzake, akuphunzira mabasi, akudikira nambala ya Social Security. Imatha ngati sabata imodzi. Kwa ine, ngati pali chinthu chimodzi choti m'bale wanu amene akunyamuka muzimukumbutsa pa WhatsApp mpaka atope nanu, ndi chimenechi.

Pali malire ake. Kupita kukacheza kapena kukangolandira chithandizo cha kuchipatala sikuwerengedwa ngati kusamuka. Ndipo msika wa bomawu ndi wa nzika ndi anthu okhala m'dzikomo movomerezeka. Amene mapepala ake anatha sangagule inshuwalansi pa HealthCare.gov. Amene wangolandira kumene chilolezo chokhala movomerezeka, kapena wangokhala nzika, amapatsidwanso masiku ake 60. Ophunzira nkhani yawo imakhala yosavuta, poti mayunivesite ambiri amakakamiza wophunzira wochokera kunja kukhala ndi inshuwalansi, ndipo nthawi zambiri amaiphatikiza pa fizi.

Ntchito ikatha, ukwati ukachitika, mwana akabadwa

Anthu ambiri ku America inshuwalansi amaipezera kuntchito, ndiye ntchito ikatha nayonso imatha. Apa muli ndi masiku 60 inshuwalansiyo isanathe ndi masiku ena 60 itatha. Ngati mukudziwiratu tsiku lomaliza, lembetsani lisanafike kuti pasakhale mpata wopanda kanthu. Zilibe kanthu kuti anakuchotsani kapena munasiya nokha ntchitoyo. Chimene sichiwerengedwa ndi kuisiya dala inshuwalansi yanu, kapena kudulidwa chifukwa chosalipira. Wachinyamata amene ali pa inshuwalansi ya makolo ake amachotsedwapo akakwanitsa zaka 26, ndipo nayenso amalandira masiku omwewo.

Palinso COBRA, lamulo lokulolani kupitiriza inshuwalansi ya kuntchito kwanu kwakale, kawirikawiri mpaka miyezi 18, ngati kampaniyo ili ndi antchito 20 kapena kuposerapo. Vuto ndi mtengo. Gawo limene bwana ankakulipirirani tsopano ndi lanu, kuphatikizapo kandalama koyendetsera, mpaka maperesenti 102 a mtengo wonse. Munthu amene ankangoona kakang'ono kakudulidwa pa malipiro ake amachita kugwira pakamwa akaona bilu yeniyeni. Ubwino wake ndi woti muli ndi masiku 60 osankha, ndipo mukavomera n'kulipira, imabwerera kuyambira tsiku limene inshuwalansi inathera. Kwa munthu amene ali pakati pa chithandizo ndi dokotala amene wamuzolowera, COBRA ikhoza kukhala yoyenera. Koma chenjerani: mukailowa, masiku 60 aja n'kudutsa, kenako n'kuisiya nokha chifukwa yakukulirani, HealthCare.gov sikutsegulirani mpaka nyengo yolembetsa itafika.

Ukwati umatsegulanso njira, bola mmodzi mwa awiriwo akhale kuti anali ndi inshuwalansi posachedwapa kapena ankakhala kunja kwa America. Mwana akabadwa, inshuwalansi imatha kuyambira pa tsiku lenileni lobadwa ngakhale mutalembetsa patapita masabata angapo, malinga masiku 60 asanakwane.

Tsono apa ndi pamene mabanja achinyamata amapunthwa: pa HealthCare.gov kukhala woyembekezera si chifukwa chotsegulira kulembetsa. Kubadwa kwa mwana inde, koma pathupi ayi. Ndi lamulo lovuta kulimvetsa, chifukwa sikelo ndi imene mayi amaifuna m'miyezi isanu ndi inayi ija, mwana asanaoneke. Zigawo zina, monga New York ndi Maryland, zinakonza zimenezi pa misika yawo ndipo mayi woyembekezera amaloledwa kulembetsa. Kwina konse, poyambira ndi Medicaid.

Ngati mukufuna kulowa kapena kuonjezera wina pa inshuwalansi ya kuntchito, monga ya amuna anu kapena akazi anu, masiku ake nthawi zambiri ndi 30 osati 60. Pitani ku ofesi ya HR sabata yomweyo. Ndipo mukapeza ntchito yatsopano yokhala ndi inshuwalansi, simudikira Novembala. Lamulo limati bwana asakudikiritseni kuposa masiku 90.

Kudina batani lomaliza pa webusaiti si mapeto a nkhani. Akhoza kukufunsani umboni, monga kalata yothetsa inshuwalansi yakale, setifiketi ya ukwati kapena zosonyeza tsiku limene munalowa m'dzikomo, ndipo amakupatsani masiku 30 oti mutumize. Kenako mulipire mwezi woyamba kukampaniyo. Popanda kulipira mwezi woyambawo, mulibe inshuwalansi, ngakhale imelo yokuyamikirani itabwera.

Medicaid sitseka

Medicaid ndi CHIP, zomwe ndi mapulogalamu a boma a anthu opeza zochepa ndi ana awo, zimalandira anthu chaka chonse. Kungoti mwayi wanu umadalira kumene mukukhala. Ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu cha ku South Bend, chigawocho chinakulitsa Medicaid kudzera mu Healthy Indiana Plan, kotero wamkulu wopanda ana amene amapeza zochepa akhoza kulowa. Ku Texas ndi ku Florida sanakulitse, ndiye munthu yemweyo, wa malipiro omwewo, kawirikawiri amabwezedwa.

Kwa a green card palinso chipsinjo china: ambiri amayenera kudikira zaka 5 asanaloledwe pa Medicaid. Koma zigawo zambiri zinachotsa kudikiraku kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo mwana wobadwira ku America ndi nzika, amayesedwa payekha posatengera mapepala a makolo. Ndiye ngakhale inu atakukanani, lembetserani anawo. Ku Maryland kuli kanjira kenanso: pa fomu ya msonkho ya chigawocho pali kabokosi koti muchonge ngati mulibe inshuwalansi, ndipo mukatero amakutsegulirani nthawi yolembetsa.

Nanga ngati palibe chikukukhudzani?

Zimachitika. Simunasamuke, simunakwatire, ntchito ilibe inshuwalansi, Medicaid akuti mumalandira zambiri. Pamenepo ntchito ndi kudzisamala mpaka Novembala popanda kugwa m'ngongole.

Fufuzani community health center yapafupi. Zipatala zing'onozing'ono zimenezi zimathandizidwa ndi boma, zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza, ndipo zimalandira ngakhale wopanda inshuwalansi. Kwa wa BP kapena shuga amene akungofuna kupimidwa ndi kulemberedwa mankhwala, n'kumeneko. Zikafika poipa, lamulo la 1986 lotchedwa EMTALA limakakamiza zipatala zambiri za ngozi kukupimani ndi kukuthandizani mpaka mutachoka pangozi, muli ndi ndalama kapena ayi. Si zaulere, bilu ibwera ndithu. Ikabwera musaibise pansi pa matiresi: zipatala zosachita bizinesi zimakakamizidwa kukhala ndi dongosolo lochepetsera kapena kukhululukira mabilu a osowa, koma nthawi zambiri mpaka mutafunsa nokha n'kudzaza fomu. Paja safunsa anadya phula.

Chomaliza ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mukangolemba pa Google kuti mukufuna inshuwalansi n'kusiya nambala yanu pa webusaiti yolakwika, foni siipuma. Oimbawo amalankhula mokoma, mtengo wake wotsika, kuyamba mawa lomwe. Zambiri mwa zimenezi ndi short-term plans, inshuwalansi ya kanthawi imene simangidwa ndi malamulo a Obamacare. Ikhoza kukana kulipira matenda amene munali nawo kale, kawirikawiri za uchembere mulibe, ndipo ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire. California ndi New York sizilola n'komwe kuti izigulitsidwa. Kwa mnyamata wathanzi amene akungofuna chodzitchinjiriza ku ngozi ya galimoto kwa miyezi iwiri, ndi bwinoko kusiyana n'kukhala chabe, bola awerenge tizilembo tating'ono tonse. Kwa mayi woyembekezera kapena munthu womwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndi chikomekome cha mkuyu. Palinso magulu achikhristu osonkherana ndalama za kuchipatala, amene kwa ife ozolowera mabanki m'khonde ndi zopereka za pamaliro amamveka ngati zakwathu. Amenewa si inshuwalansi, ndipo palibe lamulo lowakakamiza kulipira bilu yanu.

Chindapusa cha boma lalikulu kwa osakhala ndi inshuwalansi chinatsitsidwa kufika pa ziro kuyambira 2019, choncho woimba foni akamakuopsezani nacho, dziwani kuti akungofuna mugule. Koma California, Massachusetts, New Jersey, Rhode Island ndi Washington DC ali ndi zindapusa zawozawo zimene zimatulukira nthawi ya msonkho.

Thandizo lenileni ndi laulere. Pa HealthCare.gov pali tsamba lopezera alangizi ovomerezeka a m'dera lanu, otchedwa navigators, ndipo nambala ya ofesiyo ndi 1-800-318-2596. Poimba, khalani ndi pasipoti kapena green card pafupi, mapepala a malipiro, ndi deti yeniyeni ya chimene chinasintha pamoyo wanu, chifukwa funso lofunika kwambiri limene akakufunseni ndi loti zinachitika liti.