Wagwa Sayansi Kapena Wagwa Kuwerenga? (Gawo Lachiwiri)

M'gawo loyamba tidakamba za kuchepa kwa mabuku m'sukulu zathu za sekondale. Lero tione vuto lina lobisika, limene aphunzitsi ambiri amalidziwa koma salitchula kawirikawiri: alipo ophunzira amene amafika Fomu 4 akutha kutchula mawu onse a pa tsamba, koma osamva chimene tsambalo likunena.

Gwero lake lili ku pulaimale. Mwana amayamba sukulu akumva zambiri m'chiyankhulo cha kwawo, koma pofika Sitandade 5 amapeza kuti mabuku a masamu ndi sayansi ali m'Chingerezi. Kuyambira pamenepo Chingerezi sichikhalanso phunziro limodzi chabe, pakuti maphunziro ena onse, kupatula Chichewa, amadzera m'menemo. Tikumbukirenso kuti boma litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi akadali odzaza mpaka lero. Mphunzitsi wa ana oposa 100 sangathe kumvetsera aliyense akuwerenga payekha. Kalasi yonse ikamawerengera pamodzi mokweza, wosadziwa amangotsatira milomo ya anzake, nakwera kalasi ndi vuto lakelo.

Tsono akafika ku sekondale, wophunzira wotere amathawira ku manotsi. Amakopera zonse za pabolodi mosamala, naziloweza usiku wonse. Njirayi imampulumutsa pa mayeso a m'kalasi, chifukwa mphunzitsi amafunsa ndi mawu omwe aja adalemba pabolodi. Komatu a bungwe la MANEB sadziwa manotsi a mphunzitsi wakeyo. Iwo amafunsa m'mawu awoawo. Funso la Bayoloje likati "state" likungofuna yankho lalifupi, pamene likati "explain" likufuna zifukwa ndi m'mene chinthucho chimachitikira. Wosazindikira kusiyanaku amakhuthula tsamba lathunthu la zoloweza pa funso la malikisi awiri, nalemba mizere iwiri yokha pa funso la malikisi khumi. Ngakhale masamu sasiyana: funso lolembedwa m'ziganizo, monga la wamalonda wogula ndi kugulitsa nyemba, limagwetsa ana odziwa kuchulukitsa ndi kugawa bwino lomwe, kaamba koti sadamve chimene afunsidwa. Makolo amati mwana alibe mutu wa masamu, chonsecho chamugwetsa n'chiganizo.

Chowawa koposa nchakuti satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene boma lidakhazikitsa mu 2016 idalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4. Nanga amene adadutsa kale pamenepo? Inu aphunzitsi a Jogalafe ndi Fizikisi, ntchitoyi musaisiyire mnzanu wa Chingerezi yekha. Patulani mphindi khumi, ana awerenge ndime imodzi mwakachetechete, atseke buku, kenaka mmodzi afotokoze m'Chichewa zimene wamva. Woloweza amaonekera pomwepo, pakuti zimene sadamve sangazinene m'chiyankhulo chake.

Inunso amene mukukonzekera kubwereza mayeso muli pakhomo, yesani zomwezo ndi nyuzipepala yakale kapena buku lobwereka ku National Library. Mabuku a Chichewa musawapeputse: amene wazolowera kutsata nkhani yaitali ngati Nthondo, imene Samuel Ntara adalemba, savutika kwambiri kukhala pansi ndi mutu wathunthu wa Histole.

M'gawo lachitatu tidzaona za mabuku amene amatsekeredwa m'kabati ya ahedi poopa kuti angang'ambike.