Nthambi za Rozi Zimene Timatentha mu Julayi

Mwezi wa Julayi ukafika, m'mabwalo a nyumba za ansembe, a masisitere ndi a masukulu akale mumaoneka milu ya nthambi zaminga. Imeneyi ndiyo nyengo yodulira mitengo ya rozi kuno kwathu, pamene kunja kwazizira ndipo mitengoyo yayamba yaleka kukula. Wanchito wa m'munda akatha kudulira amaunjika nthambizo pamodzi ndi zinyalala, nazitentha. Patapita miyezi itatu, mu Okutobala, amai okongoletsa guwa amasowa duwa, natulutsa m'kabati maluwa apulasitiki aja amene anafwifwa kalekale. Komatu pa nthambi iriyonse imene inapsa pa moto paja panali mitengo iwiri kapena itatu ya rozi, yosalira ngakhale ngwee imodzi.

Kumeretsa rozi pa kanthambi sikuyenera kutidabwitsa ife alimi a cinangwa. Cinangwa sitifesa, timadula mtengo wake m'zidutswa nkuzizika m'nthaka. Nzimbe ndi mabulosi timacita nazo cimodzimodzi. Rozi nayenso amalola, koma amasiyana ndi cinangwa pa cinthu cimodzi: kanthambi kake nkoonda, sikasunga madzi ndi cakudya cambiri, motero kamafa msanga ngati mwini wake sadziwa cimene cikukapha.

Wina angafunse kuti bwanji osangofesa njere zimene zimakhala m'kacipatso kotsala duwa likayoyoka. Marozi a m'minda yathu ndi zidzukulu za mitundu yambiri imene anthu akhala akuikwatitsa kwa zaka mazana. Njere yake imabala mtengo wosafanana ndi make, ndipo kawirikawiri duwa lake limakhala lacabecabe. Kanthambi ndiko kamasunga mtundu, pakuti si mwana wa mtengowo ai, koma ndi mtengo womwewo umene wangosamukira pamalo pena.

Mbiri ya rozi wina wochuka iri umboni wa zimenezi. Mu 1935 mlimi wa maluwa wa ku France, Francis Meilland, amene anali kukhala pafupi ndi mzinda wa Lyon, anakwatitsa marozi napeza mtengo umodzi wa duwa lacikasu lokhala ndi milomo yofiirira. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itayandikira, iye anatumiza tizidutswa ta nthambi zake kwa anzake a ku maiko ena, ndipo cifukwa ca nkhondoyo aliyense analicha dzina lakelake. Mwini wake analicha Madame A. Meilland, kukumbukira mai ake. Ku Italy linachedwa Gioia, ku Germany Gloria Dei, ndipo ku America analipatsa dzina lakuti Peace pa 29 Epulo 1945, nkhondo ya ku Ulaya iri pafupi kutha. Mitengo yonse ya Peace imene iri pa dziko lapansi lero ndi zidutswa za mtengo umodzi uja wa ku Lyon.

Koma tizidutswa ta Meilland sanatizike m'nthaka. Anatimezanitsa, ndiko kuti anatenga diso la nthambi nkuliphatika pa tsinde la rozi wina wolimba. Umu ndimo amacitira a nazale ambiri mpaka lero, cifukwa njira imeneyi njofulumira. Motero rozi wogula amakhala mitengo iwiri m'thupi limodzi: pamwamba mtundu wokongola, pansi mizu ya mtundu wina. Ici ndico cifukwa cake mumamva mai wina akudandaula kuti rozi wake wasanduka wam'chire, akungotulutsa nthambi zazitali zopanda maluwa abwino. Sanasanduke ai. Mbuzi, moto kapena cilala zinapha wa pamwamba uja, ndipo amene waphukayo ndi wa pansi.

Rozi womera pa kanthambi alibe bvuto limeneli, pakuti kuyambira ku muzu mpaka ku duwa ndi mmodzi. Ku Germany, pa khoma la chalici cacikulu ca Hildesheim, pali rozi wam'chire amene anthu amati ali ndi zaka cikwi. M'mwezi wa Marici 1945 mabomba anagumula chalicico ndipo mtengowo unapsa. Patapita masabata angapo mphukira zinatuluka pansi pa zigumukire, zocokera ku mizu, ndipo mtengowo ulipobe. Ukadakhala womezanitsa, cophukaco cikadakhala cina.

Nchito yeniyeni imayamba ndi kusankha make. Ine ndimati funani rozi wakale wa m'dera lanu lomwelo, uja wa kuseri kwa chalici kapena wa pakhomo pa agogo, amene palibe akukumbuka dzina lake kapena munthu amene anamubzala. Mtengo umene wapirira zilala zambiri popanda mankhwala waonetsa kale kuti nthaka yathu umaidziwa, ndipo mitundu yakaleyi, makamaka yoyanga ndi ya maluwa ang'onoang'ono a m'magulu, imagwira mizu mosabvuta. Mitengo yotereyi ikutha mwakacetecete. Akafuna kukuza nyumba kapena kumanga mpanda wa njerwa, amaizula tsiku limodzi, ndipo ku nazale simukaupezanso mtunduwo.

Ambiri amakopeka ndi marozi a pa ukwati, a mapesi aatali aja, nayesa kuwazika phwando litatha. Apa mpamene akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'zaka za m'ma 1990 mafamu a kufupi ndi Lusaka anachuka ndi kulima marozi otere ndi kuwatumiza pa ndege ku msika wa maluwa wa Aalsmeer ku Netherlands. Mitundu imeneyo anaikonzera kukula m'nyumba zapulasitiki, pothiriridwa ndi kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Phesi lake likafika m'manja mwanu limakhala litagona masiku m'cipinda cozizira. Lina limamera ndithu, koma pabwalo silikondwa. Tidziwenso kuti mitundu yatsopano iri ndi eni ake. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza opanga mitundu ya mbeu mu 2007, motero wofuna kumeretsa marozi ogulitsa ayambe wafunsa.

Ndipo kanthambi nkopempha. M'maiko ambiri muli kacikhulupiriro kakuti duwa lakuba ndilo limamera bwino. Muzu sudziwa za mwini munda. Cimene wakuba amapindula ndi kuthyola mothamanga, nkung'amba khungwa la mtengo wa mnzake. Palibe mlimi wa maluwa amene amamana nthambi pa tsiku lodulira.

Pa mulu wa nthambi zija sankhani za caka comweco, zowongoka, zonenepa ngati pensulo, za khungwa lobiriwira lopanda mawanga akuda. Yesani munga ndi cala. Ukathyoka bwinobwino nkusiya cipsera coyera, nthambiyo yakhwima. Ukapindika, idakali yanthete ndipo idzafota. Dulani tizidutswa ta masentimita 15 mpaka 20, kalikonse kokhala ndi maso atatu kapena anai. Diso ndi kotupa kaja kamene kamakhala pamene tsamba lagwira nthambi. Kunsi dulani mopingasa, pansi penipeni pa diso, pakuti pamenepo mpamene mizu imatulukira msanga. Kumwamba dulani mopendeka pang'ono pamwamba pa diso. Mpeni ukhale wakuthwa ndi wopukutidwa ndi sipiriti. Mpeni wobuntha umatswanya nthambi, ndipo pa bala lotswanyika mpamene kubvunda kumayambira. Masamba onse a m'munsi acoke. Ngati pamwamba patsala lina labwino, siyani limodzi kapena awiri. Tinthambi todula tisagone padzuwa: tikulungeni m'nsanza yonyowa, ndipo tibzalidwe tsiku lomwelo.

Kudula kosiyana kunsi ndi kumwamba kuli ndi phindu linanso. Masamba akacoka nkosabvuta kuiwala kumene kunali kumutu. Mtengo umapanga mankhwala ake oyambitsa mizu ku nsonga, ndipo mankhwalawo amayenda njira imodzi yokha, kutsikira ku tsinde. Kanthambi kozikidwa cadodolido kamasonkhanitsa mphamvu imeneyo kumwamba, mumphepo, kumene kulibe nthaka.

Pa nkhani ya dothi ndi pamene anthu acifundo amalakwira. Poti akufunira kamtengo zabwino, amakaika m'dothi lakuda la m'khola, lodzala ndi manyowa, nakathirira m'mawa ndi madzulo. Kanthambi kalibe mizu, ndiye kadya bwanji manyowawo? Cimene kakusowa ndi cinyezi ndi mpweya. Dothi lolemera limasunga madzi nkutsekereza mpweya, ndipo manyowa aawisi amadza ndi tizilombo tobvunditsa. Tengani mcenga wa kumtsinje wamiyalamiyala, magawo awiri, musakanize ndi gawo limodzi la dothi la pansi pa mitengo, la masamba oolerana. Mukalifumbata lonyowa nkutambasula dzanja, lizimwazika. Cobzalamo ciriconse cikwanira, kaya citini, kaya thumba la shuga, kaya cigubu ca saladi codula pakati, malinga muboole pansi mabowo okwanira. Boolani dothi ndi kamtengo, lowetsani kanthambi mpaka magawo awiri mwa atatu akwiririke, diso limodzi kapena awiri atsale kunja, ndipo tsinderani ndi zala.

M'masitolo a zaulimi mumapezeka ufa wothandiza kumeretsa mizu, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Seradix. Mphamvu yake njofanana ndi mankhwala aja amene mtengo umadzipangira, ndipo akatswiri anaitulukira m'zaka za m'ma 1930. Ngati mwaupeza, bviikani kunsi kwa kanthambi pang'ono cabe nkukung'untha wotsala, cifukwa woculuka umaocha. Ngati mulibe, musadandaule, marozi akale aja amamera popanda ufawo. Za kubaya kanthambi m'mbatata ya kacewere, zimene zafala masiku ano, ine sindizibvomereza. Mbatatayo imaola pamodzi ndi kanthambi, apo ai imaphuka yokha, ndipo munthu amakolola mbatata m'citini ca rozi.

Mdani waciwiri ndi mphepo youma ya Julayi ndi Ogasiti, imene imamwa madzi a m'kanthambi kasanapeze pomwera ena. Dulani botolo lapulasitiki loyera kunsi, mulibvundikire pa kanthambi, koma cotsekera cake mucotse kuti mpweya uzilowa. Ikani zitini pamthunzi wowala, monga pansi pa mango kapena m'khonde la kum'mawa. Botolo likakhala padzuwa la masana limasanduka mphika. Musaziike pa dothi penipeni, cifukwa ciswe cimalowera m'mabowo a pansi aja nkudya khungwa. Zisanjikeni pa njerwa kapena pa thandala, ndipo wazani phulusa mozungulira. Okhala kufupi ndi madambo, kumene cisanu cimagwa usiku, azisendeze pafupi ndi khoma la nyumba. Thirirani bwino tsiku loyamba, ndipo pambuyo pake pisani cala m'dothi musanathirenso. M'nyengo yozizira kamodzi kapena kawiri pa sabata nkokwanira. Kanthambi kakayamba kuda kucokera pansi, madzi aculuka. Kakakwinyika kucokera kumwamba, kauma.

Patapita masabata awiri kapena atatu mudzaona timasamba tofiirira tikutuluka pa maso aja. Musafulumire kuitana anansi. Timasamba toyambati timakula ndi cakudya cimene cinali kale m'nthambi, ndipo nthawi zambiri pansi pamakhala palibe muzu ndi umodzi womwe. Pa bala lija pamayamba kaye kutupa koyera, ndipo mizu imadza pambuyo, yanthete ngati ulusi. Amene amazula kanthambi kuti aone ngati kagwira amadula mizu imeneyo ndi dzanja lake. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'nyengo yozizira mizu imatenga masabata 8 mpaka 12. Cizindikiro codalirika ndi mizu yoyera yosuzumira m'mabowo a pansi, kapena mphukira imene ikupitirira kukula mwezi waciwiri utatha. Ndipo si tonse timene tidzamera. Bzalani khumi. Tikagwira tisanu, mwacita bwino.

Amene Julayi wamupitirira angayesenso mu Epulo kapena Meyi, mvula itangoleka, ndi nthambi imene duwa lake langoyoyoka kumene. Pamenepo kumakhala kofundirapo ndipo mizu imafulumira. Okutobala ngwotentha kwambiri, ndipo Januwale ndi Febuluwale amabvunditsa.

Mizu ikagwira, cotsani botolo pang'onopang'ono, maora ocepa tsiku loyamba, nkumaonjezera kwa sabata yathunthu. Kamtengo ka mu Julayi kamafika pamenepa dzuwa la Okutobala liri pamutu, motero kasungeni m'citini momwemo, pamthunzi, mpaka mvula itakhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Tsopano ndiyo nthawi ya manyowa aja. Kumbani dzenje la theka la mita m'lifupi ndi kuya komwe, pamalo pamene dzuwa limaomba maora asanu ndi limodzi pa tsiku, kutali ndi mizu ya mitengo ikuluikulu. Sakanizani dothi ndi manyowa oolerana bwino, okani madzulo osagumula dothi la ku mizu, ndipo phimbirani ndi udzu wouma wosakhudza tsinde. Pothirira thirani pansi, osati pa masamba, cifukwa tsamba logona lonyowa ndilo limagwidwa ndi matenda a mawanga akuda. Kumene kuli mbuzi, mpanda uyambe kumangidwa dzenje lisanakumbidwe.

Kamtengoko kadzafulumira kuonetsa mphundu za maluwa kadakali kafupi ndi nthaka. Nzowawa, koma zoyambazo zitsineni, kuti mphamvu ipite ku mizu ndi ku nthambi. Pofika Epulo kapena Meyi mungaulole mtengowo kumasula. Mu Julayi wa caka cimeneco musaudulire kwambiri, cotsani nthambi zouma ndi zopingasana zokha. Kudulira kwenikweni kudikire caka cotsatira.